Mmene Nthengu Anaimbira Malamulo a Dziko

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ndipo tikhaledi tonse, chifukwa iyi si nthano yogonetsera ana.

Padangokhala dziko la nyama limene linkalamulidwa ndi Agalu ochokera kutsidya kwa nyanja. Agaluwa anabwera ndi malamba m'khosi, mapepala kukamwa. Akasirira dambo lako ankakuonetsa pepala, iwe n'kudindapo phazi poyesa ndi ulemu, mawa lake n'kupeza dambo si lakonso. Ukafunsa ankakutengera ku Mbuna. Mbunayi inali dzenje lalikulu limene Agalu anakumbitsa nyama zomwezo, pamwamba n'kuyalapo zipika zolemera. Kumeneko kunalibe kuzenga mlandu, kunalibe mboni. Bwanamkubwa Galu akangokuloza ndi mphuno, basi, abale ako ankayamba kulira.

M'mbunamo munali Nachanza, mkazi wa Nthengu. Nthengu mukumudziwa, kambalame kakuda bii ka mchira wa mphanda. Tsiku lina asilikali a Agalu ankagwetsa mtengo umene munali chisa cha banjali, mazira ali momwemo. Nachanza anatsika ngati mwala n'kujompha khutu la Bwanamkubwa mpaka magazi chuu. Mwamuna wake anali pomwepo, pa nthambi ya mtengo wina, koma sanatsike. Anangopenya akumudula mapiko mkazi wake n'kumuponya m'dzenje. Chinthu chimenechi chinkamudya mumtima Nthengu, ndipo sankachiuza munthu.

Kenaka nthawi ya Agalu inatha. Anatopa ndi kulumidwa, anakwera mabwato awo n'kumapita kwawo. Nyama zinavina mpaka ziboda kuwawa. Nthengu sanavine nawo. Anaulukira ku Mbuna, kumene anapeza mlonda wake, Sajeni Fisi, atakhala pa zipika monga mwa masiku onse.

"A Sajeni, Agalu apita. Tsegulani."

"Wanena ndani?"

"Dziko lonse likunena."

"Dziko lonse si lamulo," anatero Fisi. "Panatsekedwa ndi lamulo, padzatsegulidwa ndi lamulo. Lakale lapita ndi eni ake, latsopano silinabadwe. Ine changa n'kulondera."

"Nanga m'menemo akudya chiyani?"

Fisi anayasamula. "Amene ankabweretsa chakudya ndi amene apitawo."

Nthengu anatera pa kampata ka pakati pa zipika n'kuitana. "Nachanza, uli moyo?"

"Ndilipo, bambo," anayankha mawu kuchokera pansi. "Tinalipo ambiri muno. Tikuchepa."

"Pirira. Ndikukakutengera lamulo."

Anamuponyera chiwala chimene anali nacho kukamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankachita zomwezo tsiku ndi tsiku.

Nyama zinasankha komiti yoti ipange malamulo oyendetsera dziko latsopanolo. Wapampando anali Njati, nkhalamba yozengereza koma yoona mtima, imene aliyense ankaikhulupirira. Panali Kazembe Kambuku, mkulu wa asilikali amene anathamangitsa Agalu, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti ameneyu ndiye adzakhale Mtsogoleri. Panali Nyani, amene anali womasulira wa Agalu. Anamuika poti ati ankadziwa mmene boma limayendera. Panali mayi Nkhanga, oimira amayi. Wachisanu anayenera kukhala Kadzidzi, koma Nthengu anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti zokumana mumdima zinali za nthawi ya ukapolo, dziko laufulu lizikambirana masana. Onse anawomba m'manja. Pa msonkhano woyamba Kadzidzi anagona mpaka kugwa pampando, ndipo mpandowo anaupatsa Nthengu.

Tsono mumve mmene ankagwirira ntchito, chifukwa tsoka lonse linagona pamenepa. Nyama zinalumbira kuti malamulo awo sadzalembedwa. Zinkati pepala linatidyera dziko, pepala limanama, koma mawu a mnzako umawadziwa ngakhale utatsinzina. Choncho zinamanga nyumba yopanda zenera. Akomiti ankalowera kukhomo la kuseri khamu lisanasonkhane, kuopa kuti wina angawatchingire panjira ndi mphatso kapena ndi ziopsezo. Akalowa ankatseka, khamu n'kukhala panja kumvetsera. Lamulo likakambidwa, Wapampando ankaliimba mokweza, kenaka aliyense wa asanuwo ankavomera payekhapayekha. Nyimbo yovomerayo inali yaifupi. Woimba ankatchula dzina lake, n'kunena kuti pakamwa pake pavomera, kuti ana ake ndi adzukulu ake amangidwa nawo, ndi kuti akadzakana lilime lake lidzaole. Ankaiyamba pamwamba n'kuitsitsa pang'onopang'ono ngati nyimbo ya pamtondo. Mawu asanu akakwana, khamu linkawomba m'manja ndipo ankaika kamtengo kamodzi pa mtolo wa malamulo. Mawu amodzi akasowa, lamulo linkafa. Ndipo palibe lamulo limene likanagwira ntchito kufikira tsiku lomaliza, lomanga mtolo wonse ndi luzi.

Chimene nyama sizinkadziwa masiku amenewo n'chakuti Nthengu ankatha kuyankhula ndi mawu a wina aliyense. Luso limeneli ankalibisa monga mmene mbala imabisira njira yake. Ankangoligwiritsa ntchito pa tizinthu tochititsa manyazi: akaona Msulu wagwira chiwala chonona, iye n'kulira ngati kabawi, Msulu n'kutaya chiwala n'kuthawira kuuna.

Malamulo oyamba anayenda bwino. Madzi ndi a aliyense, mawu asanu. Wamasiye asalandidwe phanga, mawu asanu. Kenaka anafika pa mtundu wa mbendera, ndipo abale anga, anakangana mwezi wathunthu. Nyani ankafuna yofiira, Njati yakuda, mayi Nkhanga ya mawangamawanga. Akuluakulu a dziko kulimbirana nsalu, anzawo akuuma ndi njala m'dzenje. Ine zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Za mbendera zitatha, Nthengu anapempha mawu.

"A Wapampando, ndili ndi lamulo. Mbuna ikwiriridwe. Onse amene ali m'menemo atuluke, ndipo m'dziko muno musadzapezekenso womangidwa popanda kuzengedwa mlandu."

"Ndi limene ndinabwerera," anatero mayi Nkhanga.

Nyani anatsokomola. "Boma lililonse limene ndinaliona linali ndi dzenje."

"Munaona maboma angati, a Nyani?"

"Limodzi. Koma ndinalionera pafupi."

"Tisathamange," anatero Njati. "Khola lopanda chitseko silisunga mbuzi. Nkhaniyi ndi yolemera, ifunika kuigonera."

Kambuku ankangonyambita phazi lake.

Njati analiimba lamulolo poti mwambo unkatero. Mayi Nkhanga anavomera, Nthengu anavomera. Kenaka kunali zii. Khamu panja linadikira, linadikira, mpaka linayamba kumwazikana.

Nthengu anaona kuti pali mitima itatu yofunika kuitembenuza, ndipo anayamba ndi wamantha. Masana ake Nyani ali kudya masuku kuseri kwa chitsamba, anamva mawu a Kambuku chapafupi.

"Sajeni, tikangomanga mtolo, woyamba kulowa m'dzenje ndi Nyani. Anadyera mbale imodzi ndi Agalu ameneyo."

"Bwana," anayankha mawu a Fisi, "akadzafa mudzandisungire mchira."

Suku linamugwa m'manja Nyani. Sanasuzumire n'komwe kuti aone amene akuyankhula; anathawa cheucheu, osadziwa kuti m'chitsambamo munali kambalame kamodzi kokha. Komiti itakumananso, Nyani anavomera nthawi yake isanakwane, mokweza kuposa onse, mpaka mawu kusasa. Koma Njati anati akadaganizabe, Kambuku anali duu, ndipo lamulo linafa kachiwiri.

Nthengu anapita ku Mbuna ndi chiwala.

"Zili pati, bambo?" anafunsa Nachanza.

"Atatu avomera."

"Mayi Gwape amene ankandifunditsa aja atisiya dzulo."

"Pirira pang'ono. Atsala awiri."

Njati anali ndi mphwake amene anafera mu Mbuna nthawi ya Agalu, mnyamata wachibwibwi amene Nthengu ankamudziwa bwino. Nkhalambayo inali ndi chizolowezi chokathira nsembe patsinde pa mtengo wa msolo kukumbukira malemuyo. Tsiku lina itangogwada, mawu anatsika kuchokera m'masamba.

"A-a-achimwene."

Njati anatukula mutu.

"Ndi-ndikuzizidwa, achimwene. Mafupa anga ali m'dzenje, i-inu mukukangana za nsalu. Munalonjeza amayi kuti mu-mudzandiyang'anira."

Njati analira ngati mwana, mphumi ili pansi, kupepesa kwa mphwake ndi kwa make. Ine ndikuti apa Nthengu anachita choipa. Akufa sasewera nawo, ndipo misozi ya nkhalamba si chinthu choba. Koma mukanakhala inu, mkazi wanu ali pansi pa zipika, mukanatani? Musandiyankhe msanga.

Komiti itakumana kachitatu, Njati anavomera. Mayi Nkhanga, Nyani, Nthengu, onse anavomera. Mawu anayi. Khamu panja linatchera khutu kudikira achisanu, koma m'nyumbamo munkangomveka lilime la Kambuku likunyambita phazi. Lamulo linafa kachitatu.

"Mwambo mukuudziwa," anatero Njati potuluka. "Lamulo likafa kachinayi silidzukanso. Mawa tiliimba komaliza."

Nthengu anapeza Kambuku atagona pa nthambi, mchira uli lendelende. Anabisala m'masamba n'kuyamba kuuwa. Anauwa ngati galu mmodzi, kenaka ngati gulu, kenaka anatulutsa mawu a Bwanamkubwa akulamula kuti Kambuku agwidwe wamoyo akayambe ndiye kulowa mu Mbuna. Anaganiza kuti Kambuku akalawa mantha a dzenje adzalida. Kambuku sanadzuke. Anangotukula mphuno n'kununkhiza mphepo.

"Agalu opanda fungo," anatero. Kenaka anayang'ana m'masambamo nthawi yaitali.

Nthengu anazungulira n'kubwera poyera ngati akungofika kumene. Nzeru zitamuthera, anayesa kuchonderera.

"A Kazembe, mkazi wanga ali m'menemo."

"Ndikudziwa. Ndi wolimba mtima kuposa mwamuna wake."

Nthengu anameza mawuwo. "Nanga bwanji simuvomera?"

"Dziko lathuli ndi khanda, ndipo khanda limakhala ndi adani. Ndizidzawaika kuti?"

"Muzidzawazenga mlandu."

"Mlandu umafuna mboni. Mboni zimachedwetsa." Kambuku anatsinzina, kusonyeza kuti nkhani yatha.

Ku Mbuna tsiku limenelo Nachanza anachedwa kuyankha.

"Musavutike ndi ziwala zikuluzikulu, bambo," anatero potsiriza. "Sindikutha kumeza."

Fisi anali kutokosa m'mano. "Amene afa ndimawatulutsa ndine," anatero. "Pamenepo pokha lamulo silifunika."

Kutacha, asanu aja analowa, chitseko chinatsekedwa, m'nyumba munali mdima bii monga mwa nthawi zonse. Khamu linali lalikulu kuposa masiku ena onse, chifukwa panalibe banja limene linalibe wake m'dzenje, wamoyo kapena wakufa. Njati anaimba lamulo n'kuvomera. Mayi Nkhanga anavomera. Nyani anavomera. Nthengu anavomera. Kenaka panagwa zii yemwe uja.

Nthengu anatchera khutu. Anamva Njati akukoka mpweya kuti alengeze kuti lamulo lafa. Ndiye anatsegula mlomo, ndipo m'kamlomo kameneko munatuluka mawu aakulu, obangula, a Kazembe Kambuku. Anatchula dzina la Kambuku, ananena kuti pakamwa pa Kambuku pavomera, anamanga ana ndi adzukulu a Kambuku, n'kutemberera lilime la Kambuku likadzakana. Anaitsitsa nyimboyo mpaka pansi osaphonya ngakhale pamodzi.

Panja kunabuka nthungululu. Nyama zinakumbatirana, zina zinagwa pansi ndi kulira.

"A Kazembe, mwachita ukulu," anatero Njati mumdimamo. "Dziko silidzaiwala."

Nthengu anadikira chikhadabo. Iye anaiwala chinthu chimodzi, choti kambuku amaona mumdima. Maso awiri anali tong'o pa iye kuyambira pamene anatsegula mlomo.

"Zikomo, a Wapampando," anatero Kambuku mofatsa.

Kamtengo anakaika pa mtolo. Njati analengeza kuti ntchito yatha, mawa ndi tsiku lomanga luzi. Onse atatuluka, Kambuku anayandikira Nthengu.

"Tiye tikawongole miyendo, mphwanga."

Anayenda, wina pansi wina m'mwamba pang'ono, ndipo njira imene Kambuku anasankha inali ya ku Mbuna.

"Ndinaimba bwino lero," anatero Kambuku. "Sindinkadziwa kuti mawu anga ndi okoma chonchi."

Anaponya diso kwa Nthengu n'kupitiriza.

"Nyani akundizemba, akuti anandimva ndikupangana ndi Sajeni tsiku limene ine ndinali kutali. Njati akuti anamva mphwake. Ine ndinamva Agalu opanda fungo. Lero ndadzimva ndekha, pakamwa panga pali potseka." Anakhala pansi pafupi ndi zipika. "Usanjenjemere. Ndikanafuna kukupha ndikanakuphera m'nyumba muja. Ndili ndi lamulo langa limodzi loti lilowe mu mtolo mawa, luzi lisanamangidwe."

"Lotani, bwana?"

"Loti Mtsogoleri ndi Kambuku mpaka imfa. Ndi loti lamulo lililonse la mu mtolo, ndi lakoli lomwe, lidikire kufikira Mtsogoleri atanena kuti dziko lakhazikika."

"A Njati sangavomere zimenezo. Mayi Nkhanga ndiye n'komwe."

"A Njati atopa. Mawa ndiwatumiza kumudzi akapume, pamodzi ndi a Nyani ndi mayi Nkhanga. Khamu silimaona amene walowa. M'nyumba tidzakhala awiri. Ine ndidzaimba mawu anga, iwe anayi otsalawo."

"Ndikakana?"

"Ndikauza khamu kuti sindinaimbe. Lamulo lako lidzafa kachinayi, iwe adzakubudula nthenga imodziimodzi." Anatembenukira kwa Fisi. "Sajeni, mayi wakuda uja akadapuma?"

Fisi anatukula chipika chimodzi pang'ono n'kusuzumira, dovu likugwera m'dzenje. "Akadapuma, bwana. Koma sakuchedwa."

"Ndikavomera?" anafunsa Nthengu.

"Mkazi wako atuluka mawa dzuwa lisanalowe. Yekhayo."

Nthengu anasinkhasinkha tsiku lonselo. Mutu umene unagonetsa Kadzidzi, kuthamangitsa Nyani ndi kuliritsa Njati unazungulira mbali zonse osapeza khomo. Anaganiza zokachenjeza Njati, ngakhale kuti kutero kukanafuna kuulula za mawu a mphwake aja. Anaulukadi mpaka kwa Njati, koma anapeza asilikali a Kambuku atazinga kale khola lonse. Kwa mayi Nkhanga chimodzimodzi. Anadziuza kuti n'zoona, akungowaperekeza kumudzi. Anadziuzanso kuti Nachanza akangotuluka adzapeza nzeru ina yokonzera zonse. Anakhulupirira zimenezi chifukwa ndi zimene ankafuna kukhulupirira.

Tsiku lomanga mtolo dziko lonse linabwera. M'nyumba yopanda zenera munali Kambuku pa mpando wa Njati, ndi kambalame kakuda pakona.

"Yamba," anatero Kambuku.

Nthengu anayamba. Ndi mawu olemera, ozengereza a Njati, anaimba malamulo onse kuyambira la madzi mpaka la Mbuna, khamu likuwomba m'manja pa lililonse. Kenaka anaimba lamulo latsopano lija. Panja kuwomba m'manja kunaleka. Nyama zinayang'anana. Fulu, nkhalamba imene inaona Agalu akubwera n'kuwaonanso akupita, inatulutsa mutu n'kunena kuti lamulo limeneli likununkha ngati malamba a m'khosi.

Koma mawu a Njati anamveka akuvomera. Anatchula dzina lake, anamanga ana ndi adzukulu ake, anatemberera lilime lake. Kenaka mawu akuthwa a mayi Nkhanga, mayi amene sanaopepo munthu. Kenaka Nyani, ndi katsokomola kake komwe. Kenaka Kambuku, mwini wake. Potsiriza Nthengu anavomera ndi mawu ake enieni, ndipo mwa onse asanuwo ndi amene anamveka ofooka.

"Ngati a Njati avomera, ife ndife yani?" inatero nyama ina.

"Mwina aona zimene ife sitikuona," inatero inzake.

M'manja munayamba kulira, pang'onopang'ono, kenaka ponseponse. Nyama zimene zinakana kunamizidwa ndi pepala zinawombera m'manja kambalame kamodzi. Kambuku anamanga luzi, anatuluka yekha kukhomo la kumaso atanyamula mtolo, n'kuuza khamu kuti anzake atopa kwambiri, atulukira kuseri. Ng'oma zinalira. Anamunyamula pamapewa Mtsogoleri.

Dzuwa litapendeka, Nthengu anamupeza Kambuku ali yekha.

"Bwana Mtsogoleri, ndachita mbali yanga."

"Wachita bwino kwambiri."

"Dzuwa likulowa."

"Ndikuliona." Kambuku anatambasula miyendo. "Tamvera, mphwanga. Chaka chamawa padzafunika lamulo lina. Chaka chinacho linanso. Anthuwa azidzafuna kumva komiti yawo ikuvomera. Ndikamutulutsa mkazi wako lero, mawa udzandiimbira chifukwa chiyani?"

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza. Anamva ndani?"

"Ndikauza dziko lonse."

"Kauze. Uyambe ndi kunena amene anaimba." Kambuku anamuyang'ana ngati akumumvera chisoni. "Usadandaule. Ndamulamula Sajeni kuti azimupatsa madzi ndi chakudya chofewa tsiku lililonse. Ameneyo sindingalole kuti afe."

Apa ndi pamene Nthengu anamvetsa zimene anachita. Akanakhala mbalame wamba, yopanda luso, mwina tsiku lina wina akanamumvera chisoni mkazi wake n'kumutulutsa, poti kumusunga kukanakhala kopanda phindu. Koma tsopano Nachanza anali chingwe chomangira mwamuna wake, ndipo chingwe chotere mwini wake sachitaya.

Anauluka kupita ku Mbuna. Fisi anali chapatali, akuphwanya fupa. Nthengu anatera pa kampata kaja, ndipo zikhadabo zake zinakanda pa chipika.

"Ndani?" anafunsa Nachanza. "Tamva ng'oma. Mtolo wamangidwa?"

Manyazi anamugwira Nthengu. Akanamuuza bwanji? Mkazi amene anajompha Bwanamkubwa, ukamuuze kuti mwamuna wako wagulitsa dziko ndipo mtengo wake sanaulandire? Anaganiza kuti amupatse usiku umodzi wokha wa chiyembekezo, kuchokera kwa munthu amene angamukhulupirire. Anakoka mpweya n'kutsitsa mawu.

"Mayi, ndine Njati, Wapampando. Limbani mtima. Komiti yavomera, mtolo wamangidwa. Mawa mutuluka nonse."

Kenaka Nachanza anayankha, osakweza mawu.

"Bambo a kunyumba, a Njati ali muno. Anawaponya m'mawa pamodzi ndi a Nyani ndi mayi Nkhanga. A Njatiwo athyoka msana, ndikuwaingitsira ntchentche ndi phiko langa lodukali."



"Akhala akufunsa tsiku lonse kuti ng'omazo n'zachiyani, popeza iwo sanavomere kanthu," anapitiriza Nachanza. "Tsopano akumvani okha. Akulira, bambo. Akuti ndikufunseni ngati mphwawo uja munalinso inu."

Nthengu anali ndi mawu a nyama zonse za m'dzikomo pakhosi pake, koma sanapeze ngakhale amodzi oyankhira. Anakhala pa chipikapo mpaka Fisi anabwera kudzamuingitsa, ati nthawi yoona akaidi yatha.

Nthano yanga yathera pomwepa. Wa mbatata pamoto akaphule yekha, ine njala yandithera.